Kodi timasingano ta ku China tingachepetse thupi la mwana wanga?

Funso

Adokotala, mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 15, ali Fomu 2, ndipo pa zaka ziwiri zapitazi wanenepa kwambiri. Atamuyeza kuchipatala anapezeka ndi makilogalamu 78, kutalika kwake mita 1.58. Anzake amamuseka kusukulu moti wasiya kusewera mpira wa ntchemberembaye umene ankaukonda. Achemwali anga amene ali ku Johannesburg akuti kumeneko kuli anthu obaya timasingano m'khutu ndi pamimba, amati acupuncture, ndipo akuti munthu akabayidwa njala imachepa. Iwo adzipereka kulipira zonse kuti mwanayu akalandire thandizoli pa holide. Kodi ndimulole apite?

Mayi wa ku Lilongwe

Yankho

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu, makamaka chifukwa mwatchula zaka, msinkhu ndi kulemera kwa mwanayo, pakuti zimenezi zandithandiza kuyankha za iyeyo ndithu. Sindingakulangizeni kuti mumutumize ku Johannesburg kukabayidwa timasingano n'cholinga choti achepe thupi. Sindikutero chifukwa chonyoza zachipatala za ku China, kapena chifukwa chakuti timasinganoto ndi toopsa kwambiri, ayi. Ndikutero chifukwa umboni woti timachepetsa thupi la wachinyamata ndi wofooka, pamene mwana wanuyo ali ndi vuto lenileni lofunika thandizo limene tikudziwa kuti limagwira ntchito.

Nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo manambala amene mwandipatsa akuikira umboni. Tikatenga makilogalamu 78 n'kugawa ndi 1.58, kenaka n'kugawanso ndi 1.58, timapeza 31, ndipo nambala imeneyi ndi imene achipatala timaitcha BMI. Kwa mwana amene akukulabe sitiweruza ndi malire a anthu akuluakulu, koma timayang'ana pa tchati chimene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2007, chomwe chimasiyanitsa anyamata ndi atsikana komanso zaka zawo. Pa tchati chimenechi mtsikana wa zaka 15 akapitirira 23.5 ndiye kuti wanenepa kuposa muyezo, ndipo akapitirira 28 ndiye kuti kunenepako kwafika poti tikutenge ngati matenda. Sali yekha: bungwe lomweli linawerengera kuti mu 2022 ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 19 oposa 390 miliyoni padziko lonse anali onenepa kuposa muyezo, ndipo 160 miliyoni mwa iwo anali pa mlingo wa matenda. Mu 1990 ana onenepa kuposa muyezo anali 8 pa 100 alionse, koma pofika 2022 anali 20 pa 100.

Tsopano tione za timasinganoto. Acupuncture ndi njira yakale ya ku China, yofotokozedwa m'buku la zachipatala lotchedwa Huangdi Neijing, limene linalembedwa zaka zoposa 2,000 zapitazo. Chiphunzitso chake chimati m'thupi la munthu mumayenda mphamvu yotchedwa qi kudzera m'tinjira tapadera, ndipo munthu amadwala mphamvuyi ikatsekeka kapena ikasokonekera, choncho wochiritsa amabaya timasingano toonda ngati tsitsi pa malo osankhika kuti iyambenso kuyenda bwino. Tinjira timeneti sitioneka thupi likang'ambidwa monga muonekera mitsempha ya magazi, n'chifukwa chake madokotala ambiri amene amagwiritsa ntchito njirayi masiku ano amaifotokoza mwa mtundu wina, kuti singano imatakasa minyewa ya pakhungu ndi m'minofu, ndipo ubongo umatulutsa tizinthu tochepetsa ululu. Anthu ena kuno kwathu akamva zimenezi amaganiza za mphini, koma pali kusiyana, chifukwa potema mphini amapaka mankhwala pabalapo, pamene singano ya acupuncture ilibe mankhwala alionse ndipo siyenera kutulutsa magazi ambiri kapena kusiya chipsera.

Kubaya m'khutu kumene achemwali anu atchula kuli ndi mbiri yakeyake, ndipo ambiri amadabwa akaimva. Mapu a khutu amene akugwiritsidwa ntchito lero anajambulidwa ndi dokotala wa ku France, Paul Nogier wa mumzinda wa Lyon, m'zaka za m'ma 1950. Iye ankaona khutu ngati chithunzi cha mwana wosabadwa amene wazondoka m'mimba, mutu uli kunsi kwa khutu kumene atsikana amaboola ndolo, ndipo pa maziko amenewa anagawira malo alionse a khutu chiwalo chake cha thupi. Malo amene amawatcha a njala kapena a m'mimba akupezeka pa mapu oterewa. Ena sabaya n'komwe, amangomata tinjere tolimba ndi pulasitala n'kumuuza munthu kuti azitidina asanadye.

Funso lofunika ndi lakuti kodi tingadziwe bwanji ngati singanoyo ndi imene yachepetsa thupi. Ofufuza anapeza njira yake: amagawa odwala m'magulu, ena amawabaya pa malo oyenera malinga ndi chiphunzitso, ena amawabaya pang'ono chabe pa malo ena alionse, kapena amagwiritsa ntchito singano yonamizira imene ikakhudza khungu imalowa m'chigwiriro chake koma wodwalayo n'kumamva ngati wabayidwa. Ku Germany anachita kafukufuku wamkulu wotere pa anthu oposa 1,100 odwala msana, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2007. Mwa obayidwa pa malo oyenera, pafupifupi 48 pa 100 anapeza bwino. Mwa obayidwa mongonamizira, 44 pa 100 anapeza bwino. Mwa olandira thandizo la masiku onse, 27 pa 100. Kafukufukuyu anali wa msana, koma ndimamutchula kawirikawiri chifukwa amaonetsa chinthu chimene makolo ayenera kuchimvetsa, chakuti kugona pabedi la wochiritsa, kufunsidwa mwachifundo, kugwiridwa ndi kukhala ndi chiyembekezo kuli ndi mphamvu yaikulu pa mmene munthu akumvera, ngakhale singanoyo itabayidwa pena paliponse.

Pa za kunenepa, mu 2009 gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi a ku South Korea linasonkhanitsa makafukufuku 31 okhudza anthu pafupifupi 3,000. Linapeza kuti obayidwa timasingano anachepa ndi makilogalamu osafika awiri kuposa anzawo, koma ofufuzawo anachenjeza okha kuti makafukufuku ambiri anali osachitidwa bwino, moti zotsatirazo sizoti munthu angazidalire kwathunthu. Makafukufuku a mtundu umenewu amakhala a anthu ochepa, amatha pa masabata angapo kapena miyezi yochepa, ndipo ochuluka ndi a anthu akuluakulu. A achinyamata ndi owerengeka. Palinso chinthu china chimene chinaululidwa mu 1998, pamene ofufuza ena anapeza kuti makafukufuku onse a acupuncture ochokera ku China, Japan, Hong Kong ndi Taiwan amene anawaunika anali ndi zotsatira zoyamikira njirayi. Palibe mankhwala padziko lapansi amene amapambana pa mayeso alionse, choncho zimenezi zimatichititsa kukayikira kuti makafukufuku amene sanayende bwino ankangosungidwa osasindikizidwa. Ngakhale titavomereza makilogalamu awiriwo, mwana wanu angachoke pa 78 kufika pa 76, ndipo vuto lake lingakhale lidakalipo.

Mwina mufunsa kuti nanga anthu amene achemwali anu awaona atachepadi, anachepa bwanji. Sindikukayikira kuti anawaona. Koma taganizirani zimene zimachitika pa malo oterewa. Munthu amapita kawiri pa sabata, amakwera pa sikelo wina akuyang'ana ndi kulemba m'buku, amauzidwa kuti asiye zakumwa za shuga ndi zokazinga, wawononga ndalama zambiri moti safuna kuti zipite pachabe, ndipo kwa mphindi 30 pali munthu amene akumusamalira popanda kumuseka. Zinthu zimenezi pazokha n'zokwanira kuchotsa makilogalamu angapo m'miyezi iwiri. Holide ikadzatha mwana wanu adzabwerera ku Lilongwe, kukapeza tiyi wa masupuni atatu a shuga, mandasi a pa geti la sukulu ndi anzake omuseka aja, ndipo thupilo lidzabwerera. Chimene ndimaopa kwambiri ndi chimene chimatsalira mumtima mwa mwana zikatero, chifukwa iye amaganiza kuti ngakhale ku Joni kwalephera, ndiye kuti wolephera ndi iyeyo.

Chilungamo chikufuna kuti ndinenenso pamene njirayi ili ndi umboni wabwinoko. Imathandiza ena pa nseru ndi kusanza pambuyo pa opaleshoni kapena mankhwala a khansa, ndipo bungwe la NICE, limene limalangiza zipatala za boma ku England, limalola kuti iyesedwe pa mutu wobwerabwera ndi pa ululu wina wokhalitsa. Pa kunenepa kwa ana, malangizo a bungwe limeneli ndiponso a madokotala a ana a ku America a mu 2023 sakuiika m'gulu la thandizo loyenera kuperekedwa.

Za kuopsa kwake, ikachitidwa ndi munthu wophunzira bwino, wogwiritsa ntchito singano zatsopano zotsegulidwa inu mukuona, mavuto aakulu ndi osowa. Kawirikawiri pamangokhala kuwawa pang'ono, kadontho ka magazi kapena chizungulire. Singano yobwerezedwa ingafalitse matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C ngakhalenso HIV, monga mmene lumo limodzi lotemera mphini anthu angapo lingachitire. Singano yolowa kwambiri pachifuwa kapena kumsana ingaboole mapapo. Khutu nalo lili ndi vuto lake, chifukwa fupa lofewa la khutu sililandira magazi ambiri, motero timasingano kapena tizitsulo tosiyidwamo kwa masiku tingayambitse mafinya ovuta kuchiza, mpaka khutulo kupindika kwa moyo wonse.

Chimene ndikufuna kuti muchiope koposa ndi tiyi, ufa ndi mapilisi ochepetsa thupi amene kawirikawiri amagulitsidwa pamodzi ndi timasinganoto. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ku Belgium, amayi oposa 100 amene ankamwa mankhwala azitsamba ochepetsa thupi anaonongeka impso chifukwa m'mankhwalawo munali chomera cha mtundu wa Aristolochia, ndipo ena anadzadwala khansa ya njira ya mkodzo. Mapilisi enanso olembedwa kuti ndi achilengedwe akhala akupezeka ndi sibutramine, mankhwala amene anachotsedwa pamsika m'mayiko ambiri mu 2010 chifukwa choonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko. Mwana wa zaka 15 asamwe chilichonse cha mtundu umenewu, kaya chachokera ku China, ku South Africa kapena pa msika wa kuno konkuno.

Chimene ndikupempha kuti muchite choyamba ndi kubwerera naye kuchipatala, ulendo uno osati kukangokwera pa sikelo. Pemphani kuti amuyeze kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ndipo mukambirane ndi dokotala za chimene chinasintha zaka ziwiri zapitazo. Pali mankhwala amene amanenepetsa, monga prednisolone akamwedwa nthawi yaitali, sodium valproate wa khunyu, mankhwala ena a matenda a maganizo, jakisoni wolera wa Depo, ndiponso ma ARV okhala ndi dolutegravir mwa anthu ena. Ngati akumwa ena mwa amenewa asasiye yekha, koma dokotala adziwe. Muuzeninso dokotala ngati msambo wake ukudumphadumpha, ngati akumera tsitsi pachibwano kapena ali ndi ziphuphu zambiri, ngati amaliza mkonono usiku n'kumaodzera m'kalasi, ndiponso ngati akudandaula ntchafu kapena bondo n'kumatsimphina, chifukwa mwa achinyamata onenepa mutu wa fupa la ntchafu umatha kuterereka, ndipo zimenezo zimafuna thandizo lamsanga. Matenda a chithokomiro amene anthu amakonda kuwaganizira si kawirikawiri kukhala gwero la vutoli, makamaka ngati mwanayo akutalika bwinobwino.

Muyang'anenso kumbuyo kwa khosi lake ndi m'khwapa. Ndaonapo kangapo mayi akulowa ndi mwana, n'kumukweza kolala ya yunifolomu, n'kundionetsa khosi lakuda bii, lokhuthala ndi lofewa ngati nsalu, akudandaula kuti mwanayu sasamba ngakhale amukhule ndi mwala mpaka kulira. Limene lija si litsiro. Ndi chizindikiro chakuti thupi layamba kukana insulin, imene imathandiza kutsitsa shuga wa m'magazi, ndipo kukanako kumatsogolera ku matenda a shuga, ndipo kudako kumachepa thupi likayamba kuchepa. Mwana wotere amakhala atanyozedwa kawiri, chifukwa cha thupi komanso chifukwa cha uve umene alibe.

Thandizo limene lili ndi umboni wolimba ndi losasangalatsa kulimva chifukwa lilibe chodabwitsa. Madokotala a ana a ku America, m'malangizo awo a 2023 aja, anapeza kuti chimene chimathandiza kwambiri ndi kukumana pamasom'pamaso kwa mwana, makolo ake ndi alangizi a zaumoyo kwa maola osachepera 26 pa miyezi itatu mpaka chaka, kukambirana za kadyedwe, masewera ndi makhalidwe a pakhomo. Onani kuti chinsinsi chake n'chofanana ndi chija chimene ndati chimathandiza kwa obaya timasingano, ndicho kubwerabwera ndi kusamaliridwa, kungoti pano banja lonse limalowamo ndipo zophunzirazo zimatsala pakhomo. Kuno kwathu dongosolo la maola 26 n'lovuta kulipeza, koma mungapemphe kuonana ndi katswiri wa za kadyedwe pa chipatala chachikulu, n'kugwirizana naye masiku obwererako, mwina kamodzi pa mwezi.

Pakhomo yambani ndi zakumwa, chifukwa ndi pamene phindu limaoneka msanga popanda mwana kumva njala. Botolo la mamililita 300 la zoziziritsa kukhosi nthawi zambiri limakhala ndi shuga wokwana masupuni aang'ono 7 kapena 8, ndipo Sobo, maheu a m'sitolo, thobwa lothira shuga wambiri ndi tiyi wa m'mawa uja zimaonjezera pamenepo mwakachetechete. Nsima musamuletse, chifukwa mwana wa Chimalawi woletsedwa nsima amakadya chipisi cha pachiwaya mobisa. Chepetsani mitanda, chulukitsani ndiwo: nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, nyemba, usipa, mazira, ndipo mafuta ophikira muziyeza ndi supuni m'malo mongothira kuchokera m'botolo. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera. Adye m'mawa asanapite kusukulu, anyamule nthochi, mtedza kapena mbatata yophika, kuti ndalama ya mandasi ndi zigege isakhale yofunika tsiku lililonse. Chachikulu n'chakuti mphika ukhale umodzi. Mwana amene akudya masamba owiritsa payekha, abale ake akudya nkhuku yokazinga patebulo lomwelo, amamva kuti akulangidwa, ndipo sapirira sabata ziwiri.

WHO imalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi zotulutsa thukuta kwa ola limodzi pa tsiku, ndipo wa msinkhu wa mwana wanu amafunika kugona maola 8 mpaka 10, chifukwa wosagona mokwanira amamva njala kwambiri tsiku lotsatira. Foni isagone naye kuchipinda. Musamulole kudzimana chakudya tsiku lonse kapena kudumpha nkhomaliro, ndipo mukaona kuti akuthamangira kuchimbudzi akangotha kudya, kapena akubisa chakudya, kapena wayamba kudzipatula ndi kulira, pitani naye kuchipatala msanga, pakuti kunyozedwa chifukwa cha thupi kumadwalitsa maganizo a achinyamata ambiri. Cholinga cha miyezi yoyamba chikhale chakuti sikelo ileke kukwera, kenaka iyambe kutsika pang'onopang'ono, kilogalamu imodzi kapena awiri pa mwezi.

Mankhwala enieni ochepetsa thupi aliponso. Semaglutide, jakisoni wa kamodzi pa sabata, anavomerezedwa ku America kwa ana a zaka 12 kupita m'tsogolo mu December 2022, pambuyo pa kafukufuku wa achinyamata 201 amene anaonetsa BMI ikutsika ndi 16 pa 100 pa masabata 68. Kusiyana kwake ndi makilogalamu awiri a timasingano aja mukukuona nokha. Koma ndi wodula kwambiri, amabweretsa nseru ndi kutsegula m'mimba mwa ambiri, thupi limakonda kubwerera munthu akasiya, ndipo achinyengo ayamba kale kugulitsa abodza pa intaneti. Ndi nkhani yokambirana ndi dokotala wa ana pambuyo poyesa zina zonsezi, osati yoitanitsa kwa wachibale ali kunja.

Ngati pambuyo pa zonsezi banja lanu lifunabe kuyesa timasingano monga chowonjezera chabe, wobayayo akhale wolembetsedwa. Ku South Africa owalembetsa ndi bungwe la Allied Health Professions Council of South Africa, ndipo kuno kwathu mungafunse ku Medical Council of Malawi. Singano zikhale zatsopano, pasakhale tizitsulo totsala m'khutu, pasakhale mankhwala akumwa, munthu wamkulu wa m'banja akhale m'chipindamo nthawi yonse, ndipo mwanayo avomere yekha. Wochiritsa amene akulonjeza makilogalamu khumi pa mwezi, kapena kunena kuti kuchipatala n'kosafunika, mumusiye pomwepo. Achemwali anu ali ndi mtima wabwino, ndipo muwathokoze. Ndalama ya basi ndi ya timasinganoyo ingalipire kuyezetsa magazi, maulendo a kwa katswiri wa za kadyedwe chaka chonse, ndi nsapato zabwino zothamangira.

M'kalata yanu mwandiuza maganizo anu ndi a achemwali anu, koma sindinamve a mwini thupiyo. Mupeze nthawi muli awiriwiri, mwina mukusadzula masamba kapena mukuyenda popita kumsika, osati pa nthawi ya chakudya ndiponso osati abale ake akumva. Musayambe ndi za kulemera. Mumufunse chimene chinachitika tsiku limene anasiya ntchemberembaye, amene ananena mawuwo ndi zimene ananena, ndipo mumulole amalize kufotokoza musanamulangize. Mukatero mukaonane ndi aphunzitsi a masewera kapena a kalasi yake, chifukwa kuthetsa kunyozako ndi udindo wa sukulu, ndipo mwana amene ankakonda mpirawo ali kale ndi ola lake la thukuta limene likumudikira pabwalo Lolemba likubwerali.